Ulusi Wofiira pa Timitengo Tanga

Achemwali Nhan,

Ndikhulupirira muli bwino ndi alamu ku Taiwan. Kuno ku Ben Tre mvula ikugwa bwino, ndipo mwana wanga Thao akukupatsani moni.

Ine ndiye ndatopa. Chinenereni adokotala kuti ndili ndi kachilombo ka m'chiwindi, apongozi anandipatulira mbale, n'kumanga ulusi wofiira pa timitengo tanga todyera. Onse amatapa ndiwo pamodzi, ine amandigawira pambali, chonsecho wophika ndine! Dzana Thao anafuna kulawa nsomba yanga, apongoziwo n'kumumenya padzanja: "Iwe, ukufuna kufa?"

Ndinawauza kuti matendawa sayenda m'chakudya. Akuti, "Adokotala akowo sadya pano."

Mapiritsi ndikumwa, adokotala akuti ndi a moyo wonse. Pondiunika anaonanso kenakake, ndibwererako mwezi wamawa, koma musadandaule nazo.

Adokotala anafunsa chimene chinapha amayi. Nditatchula mimba yotupa ija ndi maso achikasu, anafunsa kuti tinabadwa angati. Akuti ambiri kachilomboka timakatenga kwa amayi pobadwa.

Kayezetseni, achemwali. Koma musauze kaye apongozi anu. Kumenekonso ulusi wofiira uliko.

Ndine mng'ono wanu,
Tuyen