Mapiritsi a Agnesi

Amayi, kaya mukukhala bwanji uko mudapitako?

Ife tilipo, koma ine ndakwiya, ndipo sindibisa. Ndiyambe ndi zabwino. Kachewere wabereka chaka chino, tagulitsako ku Linthipe. Kwa mlongo wanga Piyo kwabadwa mwana wamkazi, tamutcha dzina lanu.

Nkhani ndi ya Agnesi, mzime wanu. Pomwalira paja mudamusiya nkhope itafufuma ngati chitumbuwa, anthu akumunena kuti ali ndi pakati. Sinali mimba. Kanali kachotupa m'mutu, kamene kankachititsa tiziwalo ta pamwamba pa impso kutulutsa mankhwala ena a m'thupi mopitirira muyeso. Madokotala adakachotsa kudzera m'mphuno. Adatiuza kuti tiziwaloto tsopano tagona, ndiye Agnesi azimwa mapiritsi tsiku lililonse mpaka magazi adzasonyeze kuti tadzuka. Tsiku lokayezetsa lokha ndi limene amapita m'mamawa asanamwe.

Ndiye alongo anu, amalume a Fabiano! Atamva kuti m'mapiritsimo muli mankhwala omwe aja adamutupitsa, adawatenga n'kukataya m'chimbudzi. Akuti tidapereka kale Misa yothokoza, kumwabe mankhwala n'kumukayikira Mulungu. Agnesi mukumudziwa, sayankha akulu. Ngakhale ine sadandiuze. Patapita masiku atatu adagwa m'munda akukumba kachewere, akusanza, thupi lili zii. Tidathamanga naye kuchipatala pa njinga yamoto, ine nditamugwira kumbuyo. Anamwino adati tikadachedwa pang'ono, tikadabwerera ndi maliro.

Paja munkati safunsa adadya phula. Koma phulalo wadya ndi mwana wanu, osati amalumewo. Iwo adangofika kuchipatalako ndi nthochi m'manja. Nthochi! Ndidawabwezera, ndipo mpaka lero sindidapepese. Inunso ndakukwiyirani, Amayi. Ndinu mudatiphunzitsa kugwada n'kuvomera chilichonse chotuluka m'kamwa mwa amalume. Onani tsono kumene ulemuwo ukadamufikitsa.

Lachiwiri lapitali tidakayezetsa magazi. Tiziwalo tija tikadali m'tulo, akuti tidzapitenso pakatha miyezi itatu. Mapiritsi ndikusunga ndine tsopano, m'kachitini kanu kaja munkasungiramo korona wopempherera, ndipo ndimaima pomwepo mpaka atameza. Amalume akafuna kulamula, akalamule mbuzi zawo.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo ndikudziwa kuti mwamusowa mwana wanu. Koma musamuyalire mphasa kumeneko. Ine ndili moyo, Agnesi sabwera. Ili ndi lonjezo langa.

Ndine mwana wanu woyamba,
Rozina