Maphunziro a Adadi Akukana Kutha

Duluth, Minnesota
22 Ogasiti

Okondedwa achemwali Gwen,

Ndikhulupirira muli bwino ku Tucson. Ine kuno mutu waima, ndipo auimitsa ndi adadi.

Mukudziwa kuti chaka chilichonse oyendetsa mabasi a ana asukulu amachita maphunziro a chitetezo pa kompyuta, ndipo amene sanamalize sapatsidwa makiyi. Chaka chino ofesi yathu yasintha makina olondolera ophunzira. Akale aja anali aulesi: munthu ukangotsegula masamba onse, ankalemba kuti wamaliza. Atsopanowa ndi akazitape, amalemba tsamba lomwe watsegula, nthawi yomwe wakhalapo ndi yankho lililonse. Mwezi wonse ndakhala nkhoswe pakati pa maphunziro akale ndi makina atsopano, ndipo aliyense zikamukanika amakalipira ine.

Adadi ndiye aposa onse. Akuti amaliza katatu, makina akuti sanamalize. Lamlungu nditapita kukawaona, ngakhale khofi sanandipatse.

“Iwe Lorna, zaka zonsezi ndayendetsa basi m'chipale chofewa osagunda ngakhale galu, lero kompyuta yakoyo izindiyesa mwana? Tangodina pamenepo, ulembe kuti ndamaliza. Kusukulu kuja ndinkakutumiza kukatani?”

Ndinawayankha mokalipa kuti mwina amatseka msanga asanadine batani lomaliza, monga amachitira madalaivala anzawo. Anati ndine mwana wamwano, ine n'kutuluka.

Lolemba ndinatsegula mbiri yawo kuti ndiwasonyeze kulakwa kwawo. Achemwali, batani amadina bwinobwino. Mafunso a moto, a mabuleki, a ana omenyana, onse amakhoza mosavuta. Koma pali tsamba la zithunzi za msewu, pomwe umayenera kuwerenga zikwangwani zili patali ndi kuloza mwana amene waima m'mbali. Pamenepo amakhalapo nthawi yaitali, n'kulakwa. Maulendo onse atatu, mwanayo sanamuone.

Ndakwiya ndi makinawa pondiuza zomwe sindinawafunse. Ndakwiya ndi akale aja omwe ankangowadutsitsa chaka ndi chaka. Ndakwiyanso ndi inu, mukuwotha dzuwa kumeneko n'kumanditumizira zithunzi za maluwa. Bambo Halvorsen, mkulu wa mabasi, akufuna mayina a omaliza pofika Lachisanu, ndipo dzulo anandifunsa moseka ngati ndikufuna kuchotsa ntchito bambo anga ondibereka. Kudina kuja kolemba kuti amaliza ndingathe, palibe angandifunse. Koma Tessa wanga akuyamba sukulu chaka chino, ndipo azidzaima m'mbali mwa msewu womwewo kudikira basi ya agogo ake. Sindinadine.

Lachinayi ndikupita nawo kwa dokotala wa maso. Iwo akuganiza kuti akundiperekeza kukasankha matayala, poti amati ogulitsa amandinamiza mitengo. Ndiyendetsa ndine, ndipo mkangano wa zimenezo ndaukonzekera kale.

Chonde muwaimbire foni Lachinayi madzulo. Musatchule za kalatayi. Akakuuzani kuti kompyuta ya Lorna ndi yopusa, ingovomerani, munditukwane nawo pang'ono ngati kungafunike. Chimwalirireni amayi, chomwe chimawadzutsa m'mawa ndi basi ija.

Moni kwa alamu. Tessa akuti moni, wajambula basi yachikasu, agogo ake ali pachiwongolero. Waipachika pafiriji yawo.

Ndine mng'ono wanu wotopa,
Lorna