Funso la Mzime Wanu Musaliyankhenso

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi mawondo aja akukulolani kuyenda masiku ano? Kuno tilipo. Kusitolo ya matayala ntchito ikuyenda mwa apo ndi apo, ndipo eni nyumba apenta geti pamene denga likudonthabe.

Nkhani yeniyeni ndi ya mzime wanu. Zimene amakuuzani pafoni ndi theka chabe. Mukudziwa kuti amayendetsa galimoto yoperekera buledi m'masitolo. Kuyambira chaka chatha, tayala likangogunda dzenje, mtima umamuuza kuti waponda munthu. Amabwerera kukaona, osapeza kanthu. Akafika pamphambano amayambanso kukayika ngati anasuzumira bwino m'ngalande. Tsiku lina anazungulira msewu umodzi kasanu ndi kawiri, buledi n'kufika masana. Abwana ake amuuza kuti akapitiriza kuchedwa mpaka kutha kwa mwezi uno, makiyi apatsa wina. Mlamu, mkazi wake, ndi woyembekezera, ndiye ntchitoyi si yoti n'kuitaya.

Poyamba ndinkaganiza kuti wapeza chibwenzi mumsewu umenewo. Ndinamulondola tsiku lina, ndipo chibwenzicho ndinachiona: ngalande youma ndi jumbo yakuda imene anaitembenuza ndi kamtengo.

Kuchipatala dokotala woyamba kumuona anangomuyeza magazi n'kumuuza kuti azipuma. Wachiwiri anatitumiza kwa mayi wina wa magalasi, wothandiza anthu pa za maganizo. M'chipinda mwake mulibe jakisoni ngakhale sikelo. Muli mipando itatu, wotchi ndi bokosi la timapepala topukutira misozi. Ndinadziuza mumtima kuti apa tabwera kudzamwa mawu.

Mayiyo anati matendawa amatchedwa OCD, ndipo si misala. Akuti ganizo loopsa limabwera losaitanidwa, munthu n'kuchita chinachake kuti mtima ukhale pansi, koma kuchitako ndiye kumalinenepetsa ganizolo. Adokotala anawonjezera mapiritsi amene akuti mphamvu yake imaoneka pakatha milungu ingapo. Ndinafunsa kuti mankhwala aulesi chonchi anawalemba ntchito ndani. Palibe anaseka.

Chithandizo chake ndiye chodabwitsa. Lachiwiri lililonse mayiyo amakwera naye galimoto, amamuuza kuti adutse dala pamsewu wa maenje, kenako apitirire osabwerera. Mlamu atamva zimenezi anati iye zaka zinayi m'banja sanakhalepo pampando wakutsogolowo, ndiye matendawa akuoneka kuti ndi okoma. Anatuma ine kuti ndipite nawo. Ndinakhala pakati pawo ngati chikwama. Ndinaona mng'ono wanga thukuta lili kamukamu, mayiyo akungofunsa kuti mwa khumi, mantha afika pa nambala yanji. Iye anati naini. Patatha mphindi makumi awiri anati sikisi, ndipo sitinabwerere. Ngati chimenecho ndi chikondi, ndi cha mtundu umene sindinauonepo.

Tsopano pempho langa. Mng'ono wangayu ali ndi funso limene amafunsa aliyense: ngati munthu angathe kuponda mnzake osadziwa, ndiponso ngati tamva za ngozi pawailesi. Mayiyo anatiletsa kuyankha. Akuti yankho lathu lili ngati kukanda mphere, kumakoma koma chilonda chikukula. Ndinamufunsa ngati kwawo m'bale akalira amangomuyang'ana. Anati timugwire dzanja, timupatse tiyi, koma funsolo tilisiye.

Ine ndi mlamu tinasiya. N'chifukwa chake masiku ano akukuimbirani katatu pa tsiku. Sindikuti sakusowani, koma ndikudziwa chimene akusaka, ndipo mwatsala ndinu nokha amene mukumupatsa. Foni yake ndinaiona, mundikhululukire.

Musaganize kuti mayiyu ndamukhulupirira. Satifiketi yake ya pakhoma ndinaiwerenga kawiri mpaka chidindo, ndipo diso langa likadali pa iye. Koma sabata yatha buledi anafika nthawi yake masiku anayi mwa asanu ndi limodzi. Masiku awiri amene anachedwawo ndi omwe anakuimbirani ali pamsewu. Inu munamutsimikizira kuti mwana wanu sangaphe munthu. Anakhulupirira mpaka pamphambano yotsatira, n'kutembenuka.

Akaimbanso, muuzeni kuti mumamukonda, mumufunse za mlamu, mumuuze za mvula. Akafika pa funso lija, nenani kuti limenelo simuyankha. Adzalira, mwina adzati mwamutaya. Ine anandiuza kuti ndakhalitsa m'matayala mpaka mtima wanga wasanduka labala, koma m'mawa mwake ndi amene anabwera kudzanditenga popita kuntchito.

Moni kwa atate aang'ono, achemwali ndi alamu, komanso ana onse. Azakhali muwapatse moni wokha, kalatayi musawawerengere, chifukwa nkhaniyi ingafike kwa abwana ake inu musanapinde pepala.

Ndikudziwa kuti chibadwire chake simunamumanepo kanthu. Mwezi watsala ndi masiku khumi ndi awiri, Amayi. Kamodzi kokha aka, mumaneni.

Ndine mwana wanu wachisamba,
wa kumatayala