Masamba Pamsewu wa ku Ntchisi

Lilongwe

Okondedwa Amayi,

Ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Kaya mwendo uja ukuvutabe ndi chisanu cha kumapiriko? Ine thupi lili bwino, koma mtima ayi. Ndalemba kalata chifukwa foni yanu amayankha ndi Lusiya masiku ano. Muwerenge nokha.

Kuntchito andiimitsa, Amayi. Yunifolomu ya polisi andilanda, ndipo mwezi wamawa ndikaonekera pamaso pa akuluakulu.

Mukukumbukira ndinakuimbirani kuti Lachinayi tidutsa kwathu, kuperekeza Nowa ku khoti ku Ntchisi pa mlandu wake wa mabelo a fodya. Ndinati muime pamsewu, ndikuoneniko ngakhale kongokweza dzanja. Si nkhani youza munthu imeneyo, koma ndinkati ndikuuza amayi anga.

Titapitirira Mponela, pa chitunda cha pafupi ndi kwathu, tinapeza masamba aawisi atayalidwa pamsewu. Amayi angapo anakhala m'mbali atafunda zitenje, akuimba nyimbo ya maliro. Dalaivala anachepetsa liwiro monga achitira aliyense woleredwa bwino. Ine ndinavula chipewa ndi kuweramitsa mutu. Podzutsa mutu, Nowa anali atalumpha kale m'galimoto, unyolo uli m'manja, akulowa m'chimanga. Mfuti ndinali nayo, koma ndikanawombera bwanji amayi aja ataimirira pakati? Tinangomva njinga yamoto ikulira kuseri kwa munda.

Titabwerera pamsewu, olira aja anali atabalalika. Tinafunsa m'mudzimo, anthu anati sikunafe ngakhale nkhuku. Kumanda tinafikako, kunalibe dothi latsopano. Chinali chimvano cha mavu.

Inu pamsewupo simunaime. Chimenechi chikundisowetsa tulo, pakuti inu mukamva kuti mwana wanu akudutsa, mumaima ngakhale pamvula.

China n'chakuti amene ankatsogolera nyimbo uja nkhope anabisa, koma mawu sabisika. Ndakula ndikumva mawu amenewo m'kwaya ya kutchalitchi kwathu. Sindikuti anali Lusiya. Ndikungoti mlongo wangayo anakwatiwa ndi a Moffat, ndipo a Moffat ndi Nowa anayamwa bere limodzi. Alamu angawo anagula njinga yamoto chaka chatha, ndipo ndamva kuti sabata yonseyi saoneka pa siteji ya kabaza.

Abwana anga afufuza, apeza kuti ine ndi Nowa ndife a mudzi umodzi, komanso pali chibale cha ukwati. Anandifunsa kuti ndinalandira zingati. Anzanga amene ndinkadya nawo mbale imodzi akumasiya nkhani ndikalowa. Akatsimikiza kuti ndinachita dala, sikungotha ntchito kokha. Ndikalowa m'chitolokosi chomwe Nowa anatulukamo.

Anandifunsanso ngati ndinauza munthu za tsiku ndi njira. Ndinapempha kuti andipatse nthawi ndikumbukire. Ndikukumbukira bwinobwino, Amayi, ndipo zikundiwawa.

Pempho langa ndi limodzi. Ndiuzeni amene munamuuza. Ngati munangolankhula mwachimwemwe pa mtondo, wina n'kutola, nenani, sindikwiya. Ngati anakuuzani kuti tsiku limenelo mukhale m'nyumba, nenaninso. Dzina limodzi ndiyenera kulitchula pamaso pa akuluakulu aja, ndipo lomwe ndili nalo pakadali pano ndi lanu.

Moni kwa amalume ndi azakhali. Ana a Lusiya muwapatse moni, iwo alibe chifukwa. Lusiya mumuuze kuti nyimbo ija anaitenga pamwamba kwambiri, monga amachitira nthawi zonse.

Ndine mwana wanu,
Elifala