Thunthu la Nthochi Pambali Panu

Amayi, kodi kumeneko mukukhala bwanji?

Ndine Yotamu. Kuno ku Lupembe tilipo ndithu. Mvula inachedwa, koma itabwera sinatinamize, ndipo mpunga wa kudambo wayamba kuwerama. Ng'ombe yanu ija ya mphumi yoyera yaswanso. Mpongozi wanu NyaKayira anachira mwana wamkazi nthawi ya chimanga chachiwisi, ndipo tamutcha dzina lanu. Amalira ngati wolipidwa. Denga la khitchini likudonthabe pomwe munalisiya paja. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa munkati mlendo sauzidwa nkhani yaikulu asanamwe madzi. Ndiye imwani madzi, amayi, mukhale pansi.

Achimwene a Lusayo ali moyo.

Ndawaona ndi maso angawa. Munthu tinamulira, tinamumetera tsitsi, ine ndinamusemera mtanda ndi manja anga. Ali moyo, ndiponso anenepa.

Mukukumbukira mmene zinayambira. Ali mwana ankaimba ng'oma pa chilichonse: ndowa, mtondo, ngakhale msana wanga. Ng'oma ya gule wa mapenenga anaigwira asanamere ndevu. Kenako anakomana ndi anyamata a magitala ku boma, nayamba nyimbo zija za roko, atakhala kumbuyo kwa ng'oma zachizungu za mbale zamkuwa. Inu munkangopukusa mutu n'kumati, "Ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika." Inang'ambikadi tsiku lija pamsika wa Mlare, anyamata a chipani atawagwira chifukwa cha tsitsi lalitali n'kuwameta ndi chibenthu cha botolo anthu akuona. Achimwene anamenya mmodzi mpaka kumugulula dzino. Kunja kusanache anali atadutsa malire, atasiya mkazi wawo NyaKayira ali ndi pakati.

Mphekesera zinkatipeza kuti ali ku migodi ya ku Zambia, akuimba m'bandi yotchuka. Kalata sakanalemba, mukudziwa kuti makalata a munthu wothawa amayamba awerengedwa ndi ena. Ndiye kunabwera bambo uja wochokera ku migodi, atanyamula jekete lawo, kudzatiuza kuti galimoto ya bandi inagubuduzika ndipo palibe anapulumuka. Abale a adada anati mzimu sungasiyidwe kutchire. Tinakulunga thunthu la nthochi mu jekete lija n'kuliika m'manda. Inu nokha munakana kulira. Munati, "Ine ndinabereka munthu, sindinabereke nthochi." Anthu ankanong'onezana kuti mayi wa ku Ntchisiyu sadziwa mwambo wa kuno. Inenso ndinkaganiza kuti chisoni chakusokonezani mutu.

Zotsatira zake mukuzidziwa. Akuluakulu anati ng'ombe za malowolo zinapita kale kwa a Kayira, mkazi sangabwerere kwawo, ndiye ine ndilowe chokolo. Munatsutsa mpaka mawu anakutherani. Ine ndinavomera, ndipo sindikubisirani, sindinachite kukokedwa. Ndinalera Masiye, mwana wa achimwene, ngati wanga, ndipo tabereka ena atatu. Ndi mkazi wabwino, amayi. Inu nomwe munadzavomereza pamene ankakusambitsani mukudwala.

Tsopano imvani. Ku Mlare kwabwera mnyamata wina wa geni amene amapita ku Nakonde. Wabweretsa wailesi ya kanema, bokosi loonetsa anthu akuyenda ndi kulankhula. Dziko lathu lilibe nyumba youlutsira zimenezi, ndiye iye amaika matepi n'kuliza kainjini kuseri kwa sitolo. Loweruka masana nditagulitsa nkhuku ndinati ndikaoneko anthu omenyana mateche aja amene aliyense akuwakamba. Filimu itatha, mwini wake anali panja akukangana ndi wina, tepi n'kumangopitirira. Kunatulukira zina zimene munthu anajambula pa kanema wa ku Zambia.

Panaoneka bambo wa suti, wadazi, wamimba, atakhala pampando wawofuwofu, akucheza ndi oimba achinyamata m'Chingerezi. Dzina limene linalembedwa pansi pake silinali lathu. Anthu m'holo imene anali ankaseka chilichonse chimene wanena. Ine ndinali nditaimirira kale kuti ndizipita. Koma anakweza dzanja lamanzere, ndipo ndinaona chala chija chodukira pamfundo, chimene anadzidula ndi mpeni tikudula mpunga. Ndinati m'mtima, zala zoduka n'zambiri padziko. Kenako oimba aja anamukakamiza kuti awakumbutse zakale. Anavula jekete, nakhala pa ng'oma, natulutsa kansonga ka lilime pambali pa kamwa monga ankachitira muja. Chimene anayamba nacho sichinali cha roko ayi. Anali mapenenga a kwathu kuno, enieni.

Ndinakhala pansi penipeni, pafumbi. Wina anafunsa ngati ndaledzera. Mwini kanema anati munthuyo ku Zambia amadziwika ndi mwana yemwe, amaoneka Lachisanu lililonse, ndipo amati anagona m'chipatala nthawi yaitali itachitika ngozi ya bandi yake. Ndinatuluka osamuuza kuti ndi achimwene. Masiku ano kunena pagulu kuti wothawa ndi m'bale wako n'kudziitanira galimoto ya apolisi pakhomo.

Ndikubwerera, chimene chinandibaya kwambiri ndi inu. Ndiye kuti tsiku limene munafika kumeneko munayamba kufunsa, mwaona Lusayo? Munazungulira konse osamupeza. Zaka zonsezi mwakhala mukudziwa, ife tikulimira manda awiri, anu ndi a thunthu la nthochi limene lagona pambali panu. Munkanena zoona, amayi, ndipo tonse tinakusekani.

Masiku angapo nkhaniyi ndinaibisa. Ndinkamuyang'ana NyaKayira akupeta mpunga, mwana ali kumsana, mantha n'kumandigwira. Ndinkaopa kuti ndikamuuza, ndamutaya. Ndinadziuza kuti tepi ija idzatha yokha, munthu wa suti uja ali ndi banja lake, palibe chifukwa chodzutsira zogona. Koma mawu anu sankandipatsa mtendere, aja akuti bodza lili ngati chinangwa chowawa, ukachibisa mumphika chimapha a m'nyumba mwako momwe.

Dzulo ndinamutenga. Sindinamuuze kanthu, ndinangoti tiye ukaone zachilendo. Mnyamata uja ndinamupempha atibwezere kumapeto kwa tepi anthu ena asanalowe. Ine bokosi sindinaliyang'ane, ndinkayang'ana iye. Bambo wa suti akulankhula, nkhope yake sinasinthe. Chala chitaoneka, anasiya kugwedeza mwana. Ng'oma zitayamba, ndinaona zala zake zikugunda pabondo, osaphonya ngakhale pamodzi, misozi ikungotsika osaipukuta. Zaka zonse takhala limodzi sindinamuonepo akugunda chala pa nyimbo iliyonse, ngakhale kutchalitchi.

Njira yonse yobwerera anali patsogolo, ine pambuyo. Mawu amene ananena ndi amodzi okha: "Achita dazi." Titafika anasonkha moto, anadyetsa ana, zonse monga mwa masiku onse, mpaka mtima wanga unayamba kukhazikika. Kenako anabwera pamene ndinakhala, anagwada, nati, "Alamu, madzi osamba ali kubafa."

Amayi, chiyambire tsiku la chokolo sananditchulepo choncho. Iye mwini atadzimva anagwira pakamwa. Ine ndinadzuka n'kukasamba, chifukwa sindinadziwe china chochita.

Sindikudziwa ngati achimwene akutikumbukira, kapena ngati anamva kuti tinawaika m'manda n'kugawana zawo. Masiye sitinamuuzebe kuti dzina lake ndi labodza. Koma ndikulonjezani ziwiri. Mawa ndikazula mtanda uja pambali panu, akuluakulu anene zimene anene. Ndipo tikatha kudula mpunga ndipita ku Zambia kudzera njira za anthu a geni, ndikawauze achimwene zonse maso ndi maso. NyaKayira akadzati akufuna kupita, sindidzatchula za ng'ombe. Ndidzamunyamulira katundu mpaka pa basi.

Mundipempherere kumeneko, poti inu munaona kale zimene ife tinakana kuona. Ndimakukondani, ndipo ndakusowani kuposa kale.

Ine mwana wanu wachiwiri,
Yotamu