Dzanja la Achimwene pa Wailesi

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko? Ndine Zuze, mwana wanu wotsiriza. Chikuikireni m'manda ku Marka sindinakulembereni, ndipo nkhani zaunjikana.

Mkazi wanga Esinati anachira mu Januwale, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu, Rozina. Watenga mphumi yanu ndi ukali wanu womwe: akayamba kulira, agalu a kwa aneba amakhala chete. Mapira tapeza okwanira, koma thonje mbozi zatidyera. Mbuzi yanu yamawangamawanga ija inaswa ana awiri, mmodzi fisi anatenga. Msawu wa pakhomo wabereka mpaka nthambi kuthyoka, koma wodziwa kuyanika masawu ngati inu palibe.

Koma sindinakhalire pansi nkhani ya mbuzi. Mtima wanga ukuwawa, amayi, ndipo wauwawitsa ndi mwana wanu.

Mukudziwa kuti ndimagwira ntchito pa kabwalo ka ndege ka kampani kuno kufupi ndi Ngabu, m'kansanja ka wailesi kaja munkanena kuti ndi nkhokwe ya azungu. Ndimauza woyendetsa ndege komwe mphepo ikuchokera, poti atere ndi poti asapondepo. Lamulo lalikulu ndi limodzi: chilichonse chimene ndamuuza, iye abwereze. Akadumpha mawu ena, ndiwanenenso mpaka awabwereze. Tsiku limene ndinakufotokozerani munaseka mpaka kutsamwa, nkuti, "Azibambo ndevu pepeya, kumangobwerezana mawu ngati ana a katekisimu." Kapitawo wa bwaloli ndi achimwene a Domingo, amene anandipezeranso ntchitoyi.

Mvula ya Febuluwale inasefukira nkudya mbali ya kumwera ya msewu woterapo ndege. Dothi lake ndi makande, mukulidziwa, pamwamba gwa koma pansi phala. Tinatseka mbaliyo. Tinagoneka pansi mitanda ikuluikulu ya malata opaka laimu, kuti ali m'mwamba aone kuti apa sipoterapo. Ndege zopopera mankhwala m'minda zinkatera bwinobwino pa mbali yotsalayo.

Mabwana a ku Blantyre analamula achimwene kuti athire miyala pamalopo. Koma achimwenewo anatenga antchito onse nkukamangitsa chisakasa cha msonkhano wa chipani, poti mtima wawo uli pa mpando wa wapampando wa nthambi. Pabwalo anangomwaza mchenga pamwamba, nkulembera mabwana kuti ntchito yatha. Ine ndinaona zonsezi ndipo ndinatseka pakamwa. Munkati chibale ndi fupa, sichiwola.

Lachiwiri la sabata yatha kunabwera ndege yonyamula mkulu wa kampani ndi mlendo wina wolemekezeka. Dzina lake sindilemba, makalata a masiku ano ali ndi maso, ngakhale opita kwa akufa. Nditafika m'mawa ndinapeza amayi ovina atandanda kale ndi nsalu zawo, koma mitanda palibe. Nditafunsa, achimwene anati, "Mlendo asaone bwalo looneka ngati manda. Ndegeyo ndi yaing'ono, iima isanafike uko." Ndinati chabwino, ndimuchenjeza woyendetsa pa wailesi. Koma ndege itamveka anakwera m'kansanja nkuima kumbuyo kwanga.

Ndinalankhula monga ndinaphunzirira. Ndinati mphepo ikuchokera kumwera, mutha kutera, koma mbali ya kumwera ndi yotseka, mutere koyambirira kwenikweni ndipo muime musanafike pakati. Wailesi inkachita phokoso tsiku limenelo. Woyendetsa anabwereza za mphepo, anabwereza kuti atha kutera, basi. Za mbali yotseka sanatchule. Ndinadziwa pomwepo kuti sanamve. Ndinagwira cholankhulira kuti ndinenenso, ndipo dzanja la achimwene linatera pa langa.

"Wamva kale," anatero. "Alendo akumvetsera m'ndegemo. Ukufuna undivule pagulu? Nkhabe, ayi, siya."

Ndinasiya, amayi. Zaka zisanu ndi chimodzi pa wailesi, sindinalolepo woyendetsa ndege kudumpha mawu, ngakhale mzungu waukali chotani. Koma chibadwire sindinakankhepo dzanja la achimwene. Inu munatilera kuti mkulu akalankhula, wamng'ono ayang'ane pansi, ndipo ndinayang'anadi pansi.

Woyendetsayo anasuzumira, sanaone mtanda, anaona msewu wautali wosesedwa bwino. Anatera mosafulumira, chapakati, kuti alendo asagwedezeke. Ndege inathamanga nkulowa pa mchenga uja, tayala lakutsogolo linamira, mphuno inalasa pansi, mchira m'mwamba. Nyimbo ya amayi aja inadukira pakati. Mulungu ndi wamkulu, palibe anafa. Woyendetsa anathyoka mkono, mlendo anatemeka pamphumi, ndipo magazi anadontha pa suti yake anthu onse akuona.

Mpaka apa, amayi, ndikanatha kunena kuti tinalakwa tonse awiri, tisenzere limodzi. Koma Lachinayi kunabwera anthu atatu ofufuza, ndipo mmodzi wa iwo sanali wa kampani, sananenenso kuti ndi ndani. Anatiitanira m'chipinda chimodzi. Achimwene anaimirira, chipewa m'manja, nkunena kuti ine ndi amene ndinawauza kuti achotse mitanda, poti za ndege odziwa ndi a wailesi. Anati m'kansanja sanakweremo tsiku limenelo. Kenaka anawonjeza, mofatsa ngati akundimvera chisoni, kuti mng'ono wawoyu wakhala wokwiyakwiya masiku ano, ndipo kumisonkhano ya chipani saonekaoneka. Munthu wosatchula dzina uja analemba mawu amenewo okha.

Ndinayang'ana achimwene, iwo anayang'ana khoma. Munthu amene anandibereka kumsana powoloka madzi a ku Ndindi, amene tinkafunda naye chiguduli chimodzi. Ofufuzawo anati ndikaganize bwino, ndikaonekere Lachisanu likudzali. Ntchito andiimitsa. Koma ntchito si kanthu. Kulakwitsa pa wailesi ndi mlandu wochotsedwa nawo ntchito, koma akati unachitira dala kuti mlendo wotere avulale, galimoto imabwera kudzakutenga, ndipo Esinati sadzauzidwa komwe ndili.

Dzulo masana achimwene anabwera kwathu atanyamula milamba yowamba iwiri. Anakhala pansi pa msawu nkuti, "Iwe ndiwe mnyamata, uli ndi mwana mmodzi, ine ndili nawo asanu. Pita ku Marka, uwoloke malire, ukakhale kwa amalume. Mlandu ukazizira udzabwera." Ndinawafunsa chifukwa chimene anatchulira za misonkhano. Anati pakamwa panaterereka. Sanapepese, amayi, anangofunsa ngati Esinati ali ndi mchere wokwanira wa nsombazo.

Ndaganiza zowoloka, sindikubisirani. Kwa amalume kulinso nkhondo ndi mfuti zake, koma si chimene chandiletsa. Ndikathawa, ndiye kuti ndasaina bodza lawo ndi mapazi anga, ndipo Rozina adzakula akutchedwa mwana wa woukira. Ndikakhala nkunena zoona, mwana wanu woyamba ndi amene akwere galimoto ija, mwinanso tikwera tonse. Antchito amene ananyamula mitanda akudziwa amene anawatuma, koma akuopa, ndipo sindikuwadzudzula. Mwina wina mwa iwo adzalimba mtima akaona kuti ine ndayamba.

Ndikudziwa chimene mukananena mukanakhala pa mkeka wanu. Mukanati abale satengerana kubwalo. Koma amene wanditengerako ndi iwo, ndipo ndakwiya, amayi, ndakwiyiranso inu pang'ono, chifukwa munandiphunzitsa kumvera koma simunandiuze tsiku loti ndikane.

Lachisanu ndikanena zonse, kuyambira mchenga, mitanda, dzanja lawo, mpaka kulakwa kwanga kosiya cholankhulira. Sindikawonjezera kanthu pa iwo, sindikachotsera kanthu pa ine. Mukaona mwana wanu mmodzi akulira chifukwa cha mnzake, musatembenukire kukhoma. Ndikulonjeza kuti ngati ine ndi amene ndibwerere kunyumba, ana asanu a achimwene adzadya m'mbale imodzi ndi Rozina, ndipo sadzamva kwa ine chimene bambo awo anandichita.

Ndimakukondani, amayi. Mundikhululukiretu.

Ine mwana wanu,
Zuze