Adada Pa Geti la Msika

Okondedwa achimwene,

Monire kumeneko ku Kitwe. Kuno ku Lupaso tili bwino, koma adada mutu ukunka nusokonekera. Kalatayi ndapatsira munthu pamanja, ku positi ndaopa.

Lachiwiri anatuluka ine ndikuchapa. Ndinakawapeza pa geti la msika, anyamata a chipani atawazungulira, akufuna khadi la umembala. Adada akungoseka, amvekere, "Chipani chanji? Ine ndikupita kwa Mzungu wanga kukapempha tchuthi." Ndinagwada pansi ndi kunena kuti, "Pepani, ndi odwala, sadziwa kuti tili chaka chanji." Mmodzi anawayang'anitsitsa, kenako anati, "Atengeni, koma pakamwapo muziwayang'anira." Tikubwerera, adada anandigwira dzanja n'kundithokoza m'Chitumbuka, amvekere, "Yewo chomene mama. Kodi ndinu mwana wa yani?"

Nesi wina wa ku Japan kuchipatala akuti si ufiti, ndi matenda a ukalamba, ndipo sachira. Akuti kwawo mpaka alipo makanema a mabanja onga lathuli. Ine chikundiopsa n'chakuti tsiku lina adzayankhula zotere ine kulibe.

Chonde bwerani msanga, dzina lanu akali kulitchula. Mulungu akusungeni pamodzi ndi alamu ndi ana.

Ine mlongo wanu,
Nyuma